Thobwa likakana kutsekemera musathamangire kuloza munthu chala

Anthu akangomaliza kukolola, zinkhoswe ndi maukwati zikayamba kupanikizana, foni yanga simapuma. Uthenga wake umakhala umodzimodzi, aphunzitsi tithandizeni thobwa lathu lakana, tathira chimera chambirimbiri koma phala langokhala phala. Nde ndati m'malo momayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera, komanso Loweruka ndimapanga kageni ka thobwa poti malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa nokha kuti amathera panjira. Choncho nkhaniyi ndimaidziwa mbali zonse, ya pa bolodi ndi ya pamafuwa.

Chimene chinandipangitsa kuyamba kuilankhula mokweza chinachitika pa chinkhoswe cha mng'ono wanga kumudzi kwathu ku Dedza. Oyang'anira zophika anali azakhali athu, mayi woti thobwa lake limadziwika mudzi wonse, ndipo chimera cha mawere anakonza okha, chabwinobwino, chonunkhira. Tinaphika phala migolo iwiri, ija ya malita 200. Mgolo woyamba unaphulidwa masana nkungokhala pamenepo anthu akutanganidwa ndi nkhuni, madzi, kusenda mbatata, mpaka dzuwa linapendeka ndi pamene anathiramo chimera. Wachiwiri unapsa mochedwa kuli kachisisira, aliyense atatopa, kamphepo ka ku Dedza kaja kakuwomba. Azakhali anagwira pamwamba pa phala nkumva kuti pafunda, nde anauza alamu athu, akazi a achimwene, amene anali atangokwatiwa kumene m'banja mwathu, kuti thirani chimeracho mutakase tizikagona.

M'mawa mgolo woyamba unali madzimadzi, wotsekemera ngati wina wathiramo shuga usiku. Wachiwiri, aaa, unangopepukako pang'ono basi, ukalawa kukoma kwake kwa phala la mgaiwa lopanda kanthu. Posakhalitsa manong'onong'o anayamba. Ena akuti amene wagwira chimera ndi wotentha, sanadzisunge, pomwe mwambo wake wogwira chimera amafunika akhale wozizira. Ena akuti pali wansanje wadutsapo usiku. Palibe anatchula dzina koma maso onse anali pa alamu, ndipo ine ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akupukuta misozi ndi chitenje, munthu mlendo pamudzi, alibe womuyankhulira.

Ndinatenga mthiko wautali uja nkuulowetsa mpaka pansi pa mgolo, ndinaudikira pang'ono nkuutulutsa. Phala lomwe linamatirira kumapeto kwake linali likadali lotentha ndithu, nthunzi ikutuluka, usiku wonse wa ku Dedza utadutsa. Ndinati, azakhali, tagwirani apa, ngati mpaka m'mawa uno mkatimu muli chonchi, nanga dzulo pothira chimera munali bwanji? Anandiyang'ana nkunena kuti iwe mwana, sukulu yakoyo isakupusitse, ine thobwa ndinayamba kuphika mayi ako asanakubereke. Zinali zoona, sindinatsutse. Ndinangopempha kuti andilole ndipatule phala m'chidebe chimodzi lifunde kaye, ndipo chimera chatsopano athire alamu omwewo ndi manja awo omwewo. Analola monyinyirika. Alamu anathira, anatakasa, tonse titazungulira chidebe, ndipo tisanathe nkukambirana komwe mthiko unayamba kuyenda mopepuka, phala lasungunuka. Patapita kanthawi tikulawa, layamba kutsekemera. Tinachita chimodzimodzi mgolo wonse, tinawiritsanso, alendo anamwa osadziwa kanthu. Azakhali sanapepese, akuluakulu sapepesa kkkk, koma madzulo ndinawamva akuitana alamu kuti abwere adye nawo mbale imodzi.

Tsono chimachitika nchani mumgolomo. Ufa wa chimanga pafupifupi 70 peresenti yake ndi sitalichi, ndipo sitalichi ndi shuga ndithu, kungoti womangidwa. Kashuga kamodzi kamatchedwa gulukosi, kali ndi maatomu 24, a kaboni 6, a haidirojeni 12, a okosijeni 6, ndi zija ana amaloweza kuti C6H12O6 osadziwa kuti akunena nsima yomwe adya. Chimanga chili m'munda chimatenga kaboni uja mumpweya, madzi m'nthaka, mphamvu ku dzuwa, nkupanga gulukosi, kenako pofuna kusunga chimamulumikiza mazanamazana mpaka masauzande ngati mkanda. Lilime lathu silimva kutsekemera kwa mkanda wautali choncho, limamva ukaduka nkutsala kamodzi kapena tiwiri. Ndiye ntchito yonse ya thobwa ndi kudula mkandawo basi.

Timayamba taphika phala chifukwa mu ufa wosaphika sitalichi amakhala wopanikizana m'tinjere tolimba toti chodulira sichingalowe bwino. Kutentha kukafika cha m'ma 65 mpaka 75 madigiri tinjereto timamwa madzi, timafufuma nkuphulika, ndi nthawi ija phala limalimba nkuyamba kukulavulirani m'manja. Pamenepo sitalichi watseguka, akudikira chimera.

Chimera ndi mbewu yomwe tainamiza kuti mvula yagwa. Tikaviika mawere nkuwafundikira, kamwana ka mbewu kali mkati kamadzuka, koma kalibe masamba oti kadzipangire chakudya, nde kamadalira sitalichi amene mayi wake anakasungira. Kuti kamudye kamapanga zomudulira zotchedwa ma enzyme. Ife tikaona zamera masiku atatu kapena anayi timayanika padzuwa, kumera kumaima, koma ma enzyme aja amatsala momwemo, angogona. Ndi amene timagula tikamagula chimera, ufa wakewo ndi chonyamulira chabe.

Ofunika kwambiri alipo awiri. Wina ndi alpha-amylase, ameneyu amadula paliponse pakati, mwachisawawa, ndi amene amapangitsa phala lolimba kusanduka madzimadzi m'kanthawi kochepa. Mnzake ndi beta-amylase, iye amayambira kumapeto nkumadula tiwiritiwiri, ndipo tiwiri timeneto ndi shuga wotchedwa maltose, kutsekemera kwambiri kwa thobwa kumachokera pamenepo. Awiriwa sapirira moto mofanana. Beta amagwira bwino cha pa 60 mpaka 65 madigiri ndipo kukadutsa 70 amatha msanga. Alpha amalimbako, koma kukayandikira 80 nayenso basi. Nchifukwa chake mgolo wathu uja unapepukako pang'ono osatsekemera, alpha anayesako kanthawi asanathe, beta anafera pakhomo penipeni. Chimera cha mapira mwachibadwa chimakhala ndi beta wochepa, nde mukaona lamapira likusiyana kutsekemera ndi lina musadabwe.

Mawu oti kufa ndimangowagwiritsa ntchito poti ndi amene timamvana, koma enzyme si kachilombo ayi, ilibe moyo. Ndi puloteni, mtundu umodzi ndi za mu nyama, nyemba ndi mazira. Puloteni iliyonse imamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, tilipo mitundu 20, ndipo kuwonjezera pa kaboni, haidirojeni ndi okosijeni timakhalanso ndi naitirojeni, yemwe uja timagulira feteleza wa urea. Tizidutswato tikalumikizana timapindikapindika mwa njira yakeyake mpaka pamatsala kamphako kamene sitalichi amakwanamo ndendende, ndi mmene amadulidwira. Zomwe zimagwira mapindikidwe amenewa nzosalimba kwenikweni, kutentha kukachuluka maatomu amanjenjemera mwamphamvu, puloteni imamasuka, kamphako kaja kamasowa, ndipo sikabwereranso ngakhale phala lizizire bwanji. Choyera cha dzira chimachita zomwezo mu chiwaya, chikayera chayera, simungachibwezenso kukhala chamadzi. Koma kuzizira sikuononga enzyme, kumangoichedwetsa. Phala likazizira kwambiri thobwa lichedwa koma lichitika, likatentha kwambiri chimera chonse mwataya.

Chinanso, enzyme ikadula siitha, imasiya apa nkugwira pena, kambirimbiri. Nde chimera chabwino sichifuna kuthira mulu. Amene mumati likakana nkumangoonjezera chimera phala likadali lamoto, mukungowotcha ndalama.

Ine mwambo sindikuunyoza. Agogo athu thermometer analibe koma ankadziwa kuyesa ndi chala kapena kudonthezera kuseri kwa dzanja, ndipo zinkayenda chifukwa ankaphika m'mbiya, yoti ukatakasa kangapo pansi ndi pamwamba pafanana. Chatsopano ndi mgolowu. Phala lolimba silizungulira lokha ngati madzi, pamwamba pamauma kakhungu nkumaoneka ngati pazizira pomwe pakati pali moto. Chimene sindigwirizana nacho ndi choti zikalakwika tizithamangira kwa mtsikana wachilendo. Mukaphika zambiri gawani phala m'mabeseni lizizire msanga, kapena takasani kuchokera pansi penipeni nthawi yaitali, ndipo poyesa tungani la pakati osati la pamwamba. Likhale lotentha loti mukadonthezera padzanja mukulimva ndithu koma osakuwotchani. Ochita geni gulani ka thermometer ka kukhitchini, kamathandiza zedi, muzithira chimera pakati pa 55 ndi 65. Kaja koyezera malungo ayi, kamathera cha pa 42, ndipo kagalasi kangakuswekereni m'phala.

Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti enzyme yoyamba yomwe asayansi anaipatula inachokera mu chimera. Munali mu 1833 ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz anaitenga mu chimera cha barele nkuitcha diastase, ndi ma amylase omwewa. Koma zoti ma enzyme ndi mapuloteni anthu anakangana zaka zambiri, mpaka James Sumner wa ku Cornell ku America anapatula enzyme yotchedwa urease yoyera mu nyemba mu 1926 nkuonetsa kuti ndi puloteni, ndipo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1946. Sukulu yathu labu yake ndi dzina chabe, nde phunziro limeneli ndimabwera ndi phala kuchokera kunyumba ndi makapu. Kapu ina timathira chimera phala lili lofunda, ina lozizira, ina timathira chimera chomwe tayamba tachiwiritsa. Ya chowiritsayo imangokhala du mpaka belu kulira. Kuyambira pamenepo funso la enzyme pamayeso saphonya.

Njira ya kapu yomweyi ikupulumutseni kumsika. Nthawi zina vuto si moto, ndi chimera chenichenicho. Ine ndinagulapo kwa wogulitsa wina chooneka bwino koma chopanda mphamvu olo pang'ono, kaya chinagonera chaka, kaya anachiumitsa pamoto pothamangira msika, kaya anasakaniza ndi ufa wa mawere osamera, zonsezi zimachitika. Musanaphike mgolo, phikani kaphala kolimba ka kapu imodzi, kafunde, thiranimo kasupuni kamodzi ka chimera nkutakasa. Chabwino chimaonetsa pasanathe mphindi 10, phala limayamba kuyenda. Ngati muli ndi ayodini uja wa pazilonda, patulani pang'ono pa mbale nkudonthezera. Sitalichi akakhalapo wambiri pamada bii, kwa buluu ngati inki, akamadulidwa mtundu umapita kofiirira. Zomwe mwadonthezerazo tayani, musabwezere mumphika.

Tikawiritsanso kachiwiri timakhala tikuimitsa dala ma enzyme aja komanso kupha tizilombo tomwe tabwera ndi chimera, poti chimera ndi chosaphika, chayanikidwa panja, nkhuku zadutsapo. Zikatero gawo lotsatira si la chimeranso. Thobwa likazizira nkugona, mabakiteriya abwino a m'chidebe ndi mumpweya amayamba kudya shuga uja nkutulutsa asidi wotchedwa lactic acid, yemwenso amasasitsa chambiko, ndi kaukali kaja timakakonda tsiku lachiwiri. Asidi ameneyu amathandizanso chifukwa tizilombo tambiri totsegula m'mimba sitimakula bwino mowawasa. Kenako yisiti nayo imalowerera, imatenga gulukosi mmodzi nkumuswa kukhala mowa ndi mpweya wa carbon dioxide. Mu 1897 Eduard Buchner ku Germany anaonetsa kuti ngakhale yisiti uiphwanye nkutsala madzi ake okha, shuga amasandukabe mowa, kusonyeza kuti nayonso ndi ntchito ya ma enzyme. Mpweya umenewo ndi umene umafufumitsa mabotolo athu mpaka chitsekero kuthawa mu minibasi, manyazi ake osanena. Botolo musadzadze mpaka kukamwa, musaliike padzuwa, ndipo fuliji imangochedwetsa, magetsi akathima tsiku lonse ntchito imapitirira pomwe inalekera. Anzanga a kumpingo amene mumati ife mowa ayi koma thobwa la masiku anayi mukupapira, ndangodutsamo, musandide.

Pali nkhani ina yomwe imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Makasitomala ambiri achikulire amabwera nkunena kuti mayi, ndipatseni lopanda shuga, ine ndili ndi matenda a shuga. Ndimawauza zoona ngakhale ndiluze ndalama, kuti lopanda shuga wa m'paketi lilipo, koma thobwa lopanda shuga kulibe. Kutsekemera kwachibadwa kuja ndi maltose, gulukosi awiri ogwirana, ndipo m'matumbo mwathu muli enzyme yotchedwa maltase yomwe imangowalekanitsa kamodzi nkulowa m'magazi. Thupi lathu limachita zomwe chimera chimachita, m'malovu muli amylase, tayesani kutafuna nsima nthawi yaitali osameza mumva ikuyamba kutsekemera, ndipo kapamba amatulutsanso wina m'matumbo. Nde nsima thupi limayenera kuigwirira ntchito kaye, pomwe thobwa ntchito yambiri yachitikira kale mumgolo, komanso ndi lamadzi, botolo lonse limatha uli chiimire. Gulukosi akalowa m'magazi pamafunika insulin, naye ndi puloteni yochokera ku kapamba, kuti alowe m'maselo a minofu ndi mafuta. M'maselomo amaphwanyidwa pang'onopang'ono, gawo loyamba lokha lili ndi masitepe 10 ndipo sitepe iliyonse ili ndi enzyme yake, mpaka pomaliza pamatsala madzi, carbon dioxide amene timapuma kunja, ndi mphamvu yomwe timalimira. Munthu wa shuga insulin wake ndi wochepa kapena thupi silikumumvera, nde gulukosi amangodzadza m'magazi. Apongozi anga ankatsutsa zimenezi mpaka tsiku lomwe anadziyeza ndi kamakina kawo asanamwe, nkudziyezanso patapita maola awiri, nambala anaiona okha. Ngati muli ndi vutoli kafunseni kuchipatala komwe mumalandira mankhwala kuti mungamwe thobwa lochuluka bwanji, musadalire mawu a wogulitsa.

Koma mphamvu ya chimera yomweyi ili ndi ntchito yabwino kwa ana. Mwana akakwana miyezi 6 nkuyamba phala, amayi ambiri timalisungunula ndi madzi kuti ameze bwino, mapeto ake kamimba kakang'onoko kamadzadza madzi, chakudya chenicheni chochepa. M'malo mwake phikani phala lolimba, la ufa wokwanira, ndi nsinjiro zake, muphule lifunde, thiranimo kachimera pang'ono ka kunsonga kwa supuni nkutakasa. Lisungunuka lokha popanda dontho la madzi, ufa wonse uli momwemo, mwana supuni iliyonse akupeza zambiri. Mukatero libwezereni pamoto liwire mphindi zingapo, osadumpha pamenepa chonde, chimera chija nchosaphika. Ku Tanzania akatswiri a zakudya anayamba kulimbikitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980. Kwa mwana ine ndimasankha cha mawere kapena cha chimanga. Mapira akamamera, timizu ndi timphukira take timakhala ndi mankhwala otchedwa dhurrin amene amatulutsa cyanide, poizoni wa mtundu womwe uja wa chinangwa chowawa, nde chimera cha mapira chikauma muzichifikisa m'manja nkupeta bwinobwino timizu tonse tichoke musanapite nacho kuchigayo.

Pokonza chimera samalaninso chuku. Mbewu yonyowa yofundikiridwa pamalo ofunda ndi pomwe chuku chimakonda, ndipo china mwa icho, Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi komanso amapinimbiritsa ana. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2011 anamupeza mu chimera cha mapira ndi mowa wamasese kuchigawo cha kumwera konkuno ku Malawi, nde si nkhani ya kutali. Apa musaganize kuti poti moto umaononga ma enzyme ndiye uononganso ameneyu, ayi, aflatoxin si puloteni, kuwiritsa kwa pamafuwa sikumuthetsa. Yambani ndi mbewu yosankha bwino, yosafumbwa, tsukani, sinthani madzi oviikira, yalani mopyapyala pa thumba loyera ndi kumatembenuza, ndipo zikamera yanikani pamphasa padzuwa lamphamvu mpaka ziume gwa, osati theka nkulongedza m'pulasitiki. Chikauma sungani pouma, ndipo ndi bwino kugayitsa chochepa chomwe mugwiritse ntchito posachedwa. Chomwe chachita mawanga obiriwira kapena akuda, kapena chikununkha chinyontho, musayese kuchitsuka nkuyanikanso, kwirirani kudzala, ngakhale nkhuku musapatse.